Kompyuta ya Malang Colley Imadzuka Mochedwa

Pa msika wa Brikama pali mphekesera yoti Malang Colley akufuna mkazi wachiwiri, ndipo nyambo yake ndi kompyuta. Akuti amachita kuichedwetsa dala kuti azimayi obwera kudzatsukitsa zithunzi ndi kudindisa makadi a ukwati azikhalitsa pabenchi, iye n'kumasankha mosathamanga ngati munthu wogula nsomba. Umboni ulipo, amatero eni nkhani. Munthu amene amadya chifukwa chofulumizitsa makompyuta a anzake, yakeyake ingamadzuke bwanji ngati nkhalamba ya nyamakazi? Komanso chaka chatha, mvula itangoyamba, alipo amene anaiona ndi maso awo ikuyaka msangamsanga ngati machesi. Sipanapite nthawi, inabwerera ku ulesi wake. Ndani anaibwezerako ngati si mwini wake?

Zoti amaichedwetsa dala n'zoona. Koma okhulupirira za mkazi wachiwirizo sanamuyang'ane bwino Malang. Dazi lake linafika m'khosi, malaya ake thumba linabooka kalekale ndi zomasulira, ndipo mkazi akamuseka amayamba wayang'ana kumbuyo kuti aone amene akusekedwa. Tida, mkazi wake mmodzi yemweyo, anachita kumufunsira yekha. Nkhani ya kompyuta ija ndi ya mwana wake wamkazi, Jankey, amene anachoka ndipo mpaka lero sakudziwika ngati ali moyo.

Ntchito yake Malang amaidziwa. Anayambira pa mawailesi, n'kudzera pa mavidiyo, makompyuta atabwera anangosamukira komweko. Munthu akafika atasenza kompyuta pamutu, akudandaula kuti ukaiyatsa umatha kupita kumzikiti n'kubwerako isanatsegule kanthu, Malang sathamangira kumasula. Amaiyatsa, n'kumukhazika mwini wake pambali, n'kumuloza pakona ya m'munsi pomwe tizithunzi ta mapulogalamu timatulukira kamodzikamodzi.

"Mwawaona alendo anuwa?" amatero. "Kompyuta ndi munthu wa kuno. Ikadzuka siyingagwire ntchito isanapereke moni. Uyu imufunse za kunyumba, za ana, za apongozi, za mbuzi. Ikamati yamaliza, wina wafika. Inu mudzi wonse utamabwera pakhomo panu m'mawa, kumunda mungamafike nthawi yanji?"

Akatero amayamba kufunsa mmodzimmodzi. Uyu mumamudziwa? Ayi? Achoke. Nanga uyu? Anabwera ndi mwana wa mlongo wanu? Azibwera mwanayo akabwera. Ena sawathamangitsiratu, amangowauza kuti azidikira panja mpaka ataitanidwa. Kenako amasesa zinyalala zomwe mapulogalamu amasiya akagwira ntchito, n'kupemerera fumbi la m'kati. Mwini wake akakhala wa thumba lolemera, amamuikira disiki yamakono, yopanda chozungulira m'kati. Kompyuta imatuluka mu shopu mwake ikuthamanga ngati mbuzi yomasulidwa.

Shopuyo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi tebulo la Ngoneh Joof, mayi wogulitsa buledi wa tapalapa wopaka nyemba. Ngoneh ndi Mserere, Malang ndi Mjola, mitundu iwiri imene kuno ili pa chibale cha nthabwala, ndiye awiriwa anabadwira kutukwanizana, ndipo palibe amene amaloledwa kukwiya.

"Kapolo wanga wadzuka?" amakuwa Ngoneh m'mawa uliwonse. "Tabwera undinyamulire mphika uwu."

"Ndikaunyamula ine anthu ayamba kugula," amayankha Malang akulimbana ndi loko. "Aziganiza kuti lero waphika ndi munthu wodziwa."

Jankey anakulira m'kachipinda komweko. Atakula anali ndi manja abwino kuposa a bambo ake, zomwe Malang ankavomereza mwanayo akakhala kuti wapita kukagula makala. Alendo onse amene anadzaza mu kompyuta ya shopu anawaitana ndi iyeyo. Munali kamphaka koyendayenda pa sikirini, kapulogalamu ka nyimbo, kena kokumbutsa nthawi ya swala ngati kuti mzikiti suli pafupi, ndi kena koonetsa nyengo ya m'mizinda yomwe iye anali asanapondeko.

"Mvula ya ku Milan ikukukhudza chiyani iwe?" ankafunsa Malang. "Uli ndi munda kumeneko? Mawa ndithamangitsa onsewa."

"Baba, mawa lanulo linayamba ndili ku pulaimale."

Tsiku lina anaikamo pulogalamu yotumizirana mauthenga. Malang foni yake ndi ya mabatani, zotsetsereza chala zija amati ndi za anthu opanda ntchito. Jankey anamutsegulira dzina mu pulogalamuyo, mawu achinsinsi anasankha yekha, n'kuiuza kompyuta kuti iziwakumbukira ndiponso kuti izitsegula pulogalamuyo yokha ikangoyatsidwa.

"Mawu akewo ndi ati?" anafunsa Malang.

"Ndikakuuzani muiwala, Baba. Kompyuta izikumbukira."

"Nanga ndani azindilembera ine? Onse ondidziwa ali pamsika pano, amachita kukuwa."

Jankey anangoseka. Malang ankayesa ndi masewera ake a nthawi zonse, osadziwa kuti mwanayo akukonza njira. Mwezi usanathe anachoka, ngati mmene achokera ana ambiri a m'tauni muno, kudzera njira yakuseri: basi mpaka kuchipululu, chipululu mpaka kunyanja yaikulu, kenako boti lowolokera ku Italy. Sanatsanzike. Akanatsanzika akanamumangirira ku tebulo.

Uthenga woyamba unafika Jankey ali ku Bamako. Malang anayankha ndi zala ziwiri, akugunda mabatani ngati akukhoma misomali, mawu oti sitingawabwereze pano. Mwanayo atafika ku Agadez mkwiyo wa Malang unali utatha, anangotsala ndi funso limodzi: wadya? Foni yake Jankey anamulanda pa njira, ndiye ankalemba pa mafoni obwereka, pomwe wapezera mpata. Mauthengawo Malang ankawapeza m'mawa. Pulogalamu ija inkatseguka pomalizira penipeni, kompyuta itamaliza kupereka moni kwa mphaka, kwa nyimbo ndi kwa mvula ya ku Milan. Kabwalo kankazungulira pakati pa sikirini, kuzungulira, kuzungulira, kenako kabelu n'kulira.

Womaliza unachokera ku Libya. Unati awauza kuti boti lakonzeka, ndipo adzalemba akawoloka. Unatinso amayi asamaphike mpunga wambiri ngati kuti iye akadalipo.

Kuyambira pamenepo mvula yagwa n'kusiya kangapo. Malang anafunsa aliyense wobwezedwa pa ndege kuchokera ku Libya. Anayenda m'maofesi a ku Banjul mpaka alonda anayamba kumupatsa moni womutchula dzina. Ena ankati anamuona mtsikana wotere pa doko. Ena ankayang'ana pansi n'kunena kuti nyengo imeneyo maboti ambiri sanafike. Palibe amene ananena chogwirika.

Chomwe chinatsala ndi kompyuta ija. Dzina lokhalo ndi limene Jankey ankadziwa kulembera, ndipo linkatseguka pa kompyuta yokhayo. Kuti alisamutsire pa ina, pulogalamuyo ikanafunsa mawu achinsinsi, ndipo ukati waiwala inkatumiza atsopano ku nambala ya Jankey, yomwe inatsala m'thumba la munthu wina m'chipululu. Choncho Malang sankakhudza kanthu. Mutu wake unkadziwa bwinobwino kuti kuchotsa kamphaka sikungatseke pulogalamu ina. Dzanja ndi limene linkakana.

M'mawa uliwonse ankadina batani, n'kuyatsa mbaula, n'kutereka ketulo ya ataya, tiyi wowawa wa kuno. Kompyuta inkayamba moni wake, ndipo pa nthawi yonseyo panalibe munthu padziko amene akanamuuza Malang kuti Jankey sanalembe. Mwina uthenga unali utafika kale, ukungodikira mphaka amalize. Ankathira tiyi m'katambula, kumubweza mu ketulo, kuthiranso mpaka thovu likwere, uku akuganiza zomwe mwanayo walemba. Lero Jankey anali wothyola tomato ku Italy, manyazi ndi amene ankamuletsa kulemba. Mawa anali atakwatiwa mwakachetechete, ali ndi kamwana ka dazi ngati agogo ake. Tsiku lina anali atangotuluka m'ndende, wowonda koma wamwano ngati kale. Kenako kabwalo kankasiya kuzungulira, pulogalamu n'kutseguka, kabelu osalira. Malang ankamwa tiyi wake n'kuyamba ntchito.

Magetsi a kuno mumawadziwa. Anthu onse a m'misika amawatukwana akathima, koma Malang sankatukwana nawo, chifukwa akabwera kompyuta inkayambiranso moni wake.

Tida analibe kompyuta. Masana ena anabweretsa mbale ya domoda, mpunga wa msuzi wa nsinjiro, ku shopu, n'kukhala pabenchi osavula nsalu ya kumutu, chizindikiro choti wabwera ndi nkhani.

"Bambo a Jankey, abale anga afunsanso."

"Afunse."

"Mayi ake a mnyamata wa kwa Darboe uja, amene ananyamuka naye tsiku limodzi, anachita sadaka kalekale. Pano amagona tulo. Ine ndimamulota mwana wanga ataima pakhomo, osalowa, osapita. Tiyeni tiitane anthu amupempherere."

"Sadaka amachitira akufa."

"Nanga iye ali kuti?"

"Sanalembe basi. Munthu akapanda kulemba ndiye kuti wafa? Achimwene anu a ku Basse alemba liti?"

Tida sanaseke. Anayang'ana kompyuta ija mmene mkazi amayang'anira mkazi mnzake.

"Inu muli ndi bokosi lanulo, mumakumana naye m'mawa uliwonse. Ine ndili ndi chiyani? Manda ndilibe, mwana ndilibe. Ndikamapemphera sindidziwa ngati ndizimupempherera ulendo wabwino kapena chikhululuko."

Malang anaviika supuni mu domoda n'kuisiya momwemo. Tida anatenga mbale yake ikadali yodzaza n'kubwerera.

Chaka chatha, mitambo ya mvula itayamba kusonkhana, disiki ya kompyuta ija inayamba kulira. Tche, tche, tche, kenako zii, kenako tche. Malang wauzapo anthu ambiri tanthauzo la kulira kumeneko. Amati ndi kutsanzika, amene ali ndi kanthu m'katimo akatulutse lero. Pa yake anasanduka gonthi. Ngoneh ndi amene anatchula.

"Iwe Mjola, nkhalamba yakoyo ikukukuta mano. Mpaka kuno ndikuimva."

"Ndi nyemba zako zikuphulika mu mphika."

"Nyemba zanga zili bwino. Iweyo umauza anzako chiyani zikamatero?"

Malang anangopitiriza ntchito yake. Patapita masiku, kompyuta inazima yokha magetsi alipo. Anadina batani, zii. Anadinanso, zii. Anakhala pansi manja ali pamutu, makasitomala akuyang'anizana. Itadzayaka pomaliza, ikulira kuposa kale, Malang anadziwa kuti kukanakana kwatha. Njira inali imodzi: kukopera disiki yonse mmene ilili, ndi mphaka yemwe, n'kuika pa yatsopano, pulogalamu ija isadziwe n'komwe kuti yasamuka. Koma disiki yodwala ukaikakamiza kuwerenga zonse, imatha kufera pakati pa ntchito. Ikanatero, dzina lija likanapita, ndipo Jankey akanadzalemba tsiku lina kwa munthu amene sangatsegule.

Anatseka chitseko theka m'mawa womwewo. Anabwereka batire lalikulu kwa telala kuopa magetsi. Ngoneh anakokera mpando wake pakhomo la shopu n'kumabweza anthu.

"Lero kulibe! Kapolo wanga akuchita opaleshoni. Mukamusokoneza asokerera lumo m'mimba."

M'katimo Malang anakhala moyang'anizana ndi kamzere kosonyeza pomwe ntchito yafika. Kankayenda, n'kuima, disiki n'kulira, kenako n'kuyendanso. Azana yoitanira anthu ku swala ya masana inamupeza pomwepo ndipo sanadzuke. Mulungu amukhululukire, ngakhale kuti mwina tsiku limenelo ndi limene anapemphera kwambiri m'moyo wake wonse. Dzuwa litapendeka kamzere kanafika kumapeto. Anachotsa disiki yakale, n'kumangirira yatsopano, yamakono ija, chifukwa zakale zozungulirazo amene akugulitsa masiku ano ndi ogulitsa zotoleza, ndipo mwana wake sakanamuika pa chotoleza.

Anadina batani n'kutembenuka kuti atenge ketulo. Dzanja lisanafike pa chogwirira, Ngoneh anakuwa ali pakhomo.

"Yayaka! Iwe, yayaka kale!"

Zonse zinali pamenepo. Mphaka akuyenda, ku Milan kuli dzuwa, pulogalamu ya mauthenga ili chitsegukire, osafunsa mawu achinsinsi. Ntchito inatheka, yabwino kuposa zonse zomwe Malang anagwirapo. Ngoneh anaimba nthungululu mpaka telala anatuluka ndi lumo m'manja. Malang anaima ndi ketulo yozizira, akuyang'ana pomwe uthenga ukanakhala. Panalibe.

Mawa lake anadina batani, asanakhale n'komwe pansi yankho linali litabwera kale. Mkucha wake chimodzimodzi. Analibenso mpata woti amupezere Jankey munda wa tomato kapena mwamuna. Magetsi akathima n'kubwera, kompyuta inkamuuza nthawi yomweyo kuti palibe, ngati mwana wamwano woyankha usanamalize funso. Makasitomala ndiye anasangalala. Munthu ankalowa, chithunzi chake n'kutuluka asanapukute thukuta.

"Tsopano ndiye mwakhala katswiri weniweni, Pa Malang," ankatero, kumutchula mwaulemu mmene kuno amatchulira bambo wamkulu.

Katswiriyo anasiya kuphika ataya. Buledi wa Ngoneh ankamupeza madzulo ali chikulungire. Malaya obooka aja anayamba kumukulira.

Lachisanu lina atachoka kumzikiti sanabwerere ku shopu. Anamupeza Tida akupeta mpunga pakhonde, anaima kanthawi ngati mlendo.

"Itanani anthu aja," anatero.

Tida anaika lichero pansi. "Mwamva kanthu?"

"Ayi. Palibe chimene ndamva. Ndamva kuti palibe, basi."

Sadaka inachitika. Anaphika, imamu anawerenga, dzina la Jankey linatchulidwa pamodzi ndi mayina a agogo ake. Tida analira kulira komwe anakusunga zaka zonsezo, azimayi atamugwira uku ndi uku. Malang anakhala pamkeka akupereka dzanja kwa aliyense, maso ouma. Ngoneh anafika mochedwa, n'kulunjika pa mphika wa nyama, akulengeza kuti chilichonse cha kapolo wake ndi chake. Potuluka ananyamulanso nsapato za Malang, n'kuti aziwombola ndi nkhuku. Anthu anaseka misozi ili m'masaya. Malang naye pakamwa panagwedezeka pang'ono.

Atatsegulanso shopu, anakhala pa kompyuta m'mawa wonse osalandira munthu. Ngoneh anasuzumira n'kupeza akuitana alendo. Zinyalala zonse zomwe wakhala akuchotsa m'makompyuta a anthu, tosaka tizilombo tabodza, towerenga nkhani, tosintha zithunzi za pa sikirini, ankaziika chimodzichimodzi n'kuziuza kuti zizidzuka limodzi ndi kompyuta. Disiki yatsopanoyo inali yamphamvu, inkameza zonse n'kumathamangabe, ndiye anavutika nayo ngati munthu wofuna kuledzeretsa chidakwa. Pomaliza anachita kuiuza pulogalamu ya mauthenga kuti izidikira onse amalize. Atazimitsa n'kuyatsa, kabwalo kanayamba kuzungulira. Malang anadzuka n'kukayatsa mbaula.

Ngoneh analowa n'kukhala pabenchi, chinthu chomwe sachita.

"Sadaka wachita. Ndiye ukudikiranso chiyani?"

"Sadaka ndachitira Tida."

"Makasitomala athawa."

"Ena athawa."

"Anthu ati wapenga, Malang. Ayamba kukulankhula motsitsa mawu, kukupatsa moni atapendeketsa mutu. Ukudziwa mmene amachitira."

"Achite."

Ngoneh anayang'ana kabwalo kaja kwa kanthawi, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, akuti utsi wa mbaula.

"Ayi. Kapolo wanga sangapenge ine ndili moyo, anganditsitse ulemu pamsika pano. Ndiwauza kuti ukusaka mkazi."

"Usayerekeze."

"Ndi dazi limenelo akhulupirira movutikira, koma ndiyesetsa."

Anayesetsadi. Pofika masana nkhani inali kwa ogulitsa nsomba, madzulo inali kokwerera magalimoto, itaonjezeredwa kale kuti akufuna wonenepa. Itamupeza Tida kuchitsime, akuti anaseka mpaka anakhala pa ndowa. Kuyambira pamenepo anthu amamupatsa Malang moni mokuwa, amuna akumutsinzinira diso, azimayi akukokera nsalu m'mapewa mwamasewera. Ena mwa makasitomala anathawadi, ndipo shopu siyikuyenda ngati kale. Amene amadziwa za Jankey, ndipo ndi ambiri, anasankha kuseka nawo.

Posachedwapa kunabwera mayi wina wochokera ku Gunjur, wosadziwa za pamsika pano kupatula zomwe anamva m'galimoto. Ankafuna zithunzi za chiphaso. Magetsi anali atangobwera kumene, kompyuta ili pakati pa moni wake, Malang akukweza thovu m'katambula. Mayiyo anadikira, n'kusintha kakhalidwe, n'kudikiranso, mpaka zinamukwana.

"Pa Malang, n'zoona zomwe akunenazi, kuti mumaichedwetsa dala kuti muzisankha mkazi? Ngati n'choncho ine ndine wokwatiwa, ndifulumizireni ndizipita."

Ngoneh panja anasiya kudula buledi. Malang sanachotse maso pa kabwalo kozungulira.

"Mkazi ndili naye, mayi. Ndikudikira mwana wanga. Ngati mwafulumira, kuseri kwa mzikiti kuli shopu ina."